Njuchi pa Tenti ya Maliro

Ku Chawama nyumba zimapumirana m'khosi. Ukayetsemula kuchipinda kwako, wa nyumba inayo ndiye amati pepa. Munthu woweta njuchi pamalo otere amayesedwa wozungulira mutu, ndipo Ida ankadziwa kuti ndi zimene anthu ankanena iye akangopotoloka.

Mng'oma wake unali umodzi wokha, bokosi lamatabwa lokhazikidwa pa njerwa kuseri kwa bafa. Masana Ida ankasoka mayunifolomu a ana asukulu kumsika. Madzulo ankakhala pa chigubu pafupi ndi mng'omawo n'kumaonerera njuchi zikubwera ndi mungu m'miyendo. Uchi sankagulitsa. Ana ake anali atakula n'kupita ku migodi, mwamuna anathawa kalekale ndi mkazi wina wa ku komboni ya Kuku, ndipo chomudikira pakhomo chinali njuchizo basi.

Njuchi zake zoyamba zinali zolusa. Zitatupitsa nkhope ya mwana wina, anthu oyandikana naye anagwirizana chimodzi: zikadzalumanso munthu, mng'oma uchoke. Ida sanataye mtima. Anakwera basi kupita ku Chongwe kwa mlimi wina wa njuchi zofatsa, nakapempha kachisa kokhala ndi mazira. Atabwerera anapha mfumukazi yolusa ija n'kulowetsa kachisako mu mng'oma, ndipo njuchi zinalera mfumukazi yatsopano kuchokera m'mazirawo. Anaidontheza utoto wofiira wa m'zikhadabo pamsana kuti aziizindikira. Njuchi zobadwa kwa iyo zinali zofatsa moti Ida ankatsegula mng'oma ndi manja osavala kanthu. Ankainyadira mfumukaziyo kuposa makina ake osokera.

Dzuwa la Okutobala litafika, mitengo ili maluwa okhaokha, mng'oma unadzaza mpaka njuchi zina zinkagona panja zitaunjikana pakhomo. Atayang'ana m'kati, Ida anapeza timatumba ta phula tolendewera m'mphepete mwa zisa, tooneka ngati mtedza wosasenda. Mmenemo ndimo njuchi zimalereramo mafumukazi atsopano, ndipo zikatero ndiye kuti mfumukazi yakale ili pafupi kusamuka ndi theka la banja. Mankhwala ake ndi kugawa mng'oma pawiri zisananyamuke. Koma ntchito imeneyo imafuna utsi ndi nthawi, ndipo njuchi zimadzaza mlengalenga. Ida anakonza bokosi lachiwiri kuti agawe mawa lake.

Madzulo omwewo kulira kunamveka kuseri kwa mpanda. Silas, mwamuna wa mnzake Maggie, anali atatsikira kulichete kuchipatala.

Pofika m'mawa mipando inali panja, tenti itakhomedwa, ndipo chingwe chake china anachimangirira pa bafa la Ida lenilenilo. Azibambo anakhala mozungulira mbaula pafupi ndi mng'oma. Kugawa njuchi pamenepo kukanakhala kuziitanira pa anthu olira. Ida anaganiza zongogula nthawi. Kutangocha tsiku lotsatira, anthu akadali m'mabulangete, anatsegula mng'oma mwachangu nadula timatumba tonse ndi mpeni, osasiya n'kamodzi komwe. Anafuna kuyang'ananso ngati m'zisa munali mazira, koma mkulu wina pa benchi anatsokomola n'kuyamba kudzuka, ndipo Ida anatseka. Anadziuza kuti tsiku loika maliro, anthu onse akakwera malole kupita kumanda, iye adzatsala n'kugawa mng'oma wake mwamtendere.

Koma maliro a m'tauni amadikira basi ya kumudzi. Achibale a ku Lundazi ankati tikubwera, tikubwera, masiku n'kumapita, dzuwa n'kumakula. Ida ankaphika ndi azimayi anzake a mpingo khutu lili kuseri kwa bafa, mtima uli m'mwamba.

Tsiku loika litafika, anayamba kuzemba pang'onopang'ono anthu akukwera malole. Maggie anamuona. Anatuluka m'nyumba atagwiriziridwa ndi azilamu ake, maso atatupa, namugwira Ida pa chitenje.

“Ba Ida, munkhale pafupi na ine ku manda,” anatero Maggie. “Aba sinibaziba bwino. Nikagwa, munigwile ni imwe.”

Maliro n'kulirana. Ida anakwera lole.

Anabwerako dzuwa lili paliwombo, fumbi lili m'mano. Mwa mwambo wake, aliyense amayenera kusamba m'manja pa beseni la pakhomo pa siwa asanadye n'kubalalika. Koma amene anatsogola anaima patali, ena akubwerera chambuyo. Pa mtengo wapakati wa tenti, pamwamba penipeni pa beseni lija, panalendewera chigulu cha njuchi chachikulu ngati thumba la makala, chakuda, chikuyenda chokhachokha. Kudula timatumba kuja sikunaziletse.

Ida anadutsa pakati pa anthu n'kukaima pansi pa chigulucho. Sankaopa mbola. Ankadziwa kuti pakati pa chigulucho panali mfumukazi yake.

“Napapata, musazigwile,” anauza anthuwo. “Zikasamuka so zimankhala zokuta uchi, siziluma. Nipaseni chabe ka nthawi nilete bokosi, nizazigwesela mukati.”

Chrispin, mng'ono wake wa malemu, anali atavula kale jekete. Anali atanyamula bokosi la maliro a mkulu wake paphewa tsiku lomwelo, ndipo chisoni chake chinkafuna pogwera.

“Ka nthawi kabwanji, amai?” anafunsa Chrispin akuloza njuchizo, zimene kumeneko amazitcha nzimu. “Bantu bachoka ku manda, bali na njala, benangu bafunika kukwela basi ya ku Lundazi. Tizayembekeza nzimu zanu? Pa malilo ya bakulu banga?”

Kumbuyo mayi wina anang'ung'udza kuti njuchi sizitera pa maliro popanda chifukwa, ndipo mawuwo anayenda m'khamu mofulumira. Chrispin anakulunga chiguduli kunsonga ya ndodo n'kuchithira palafini.

Ida anatembenukira kwa Maggie, amene anali atakhala pa mphasa pakhomo, mpango utagwera paphewa. Mawu amodzi a namfedwa akanaimitsa zonse.

“Ba Maggie, bauzeni,” anachonderera Ida. “Imwe muziziba, sizinakulumeni olo kamozi.”

Maggie anadzutsa maso mwaulesi. Sanali wokwiya, anali wotopa chabe.

“Ba Ida,” anatero, “nachoka kuika mwamuna wanga. Musanifunse vya nzimu lelo.”

Ida anachita manyazi mpaka anasowa poyang'ana, chifukwa Maggie sankalakwa. Anathamangira kuseri kukatenga bokosi lija. Pobwerera anakumana ndi fungo la palafini ndi mapiko opsa. Njuchi zinkagwera m'beseni ndi pansi ngati mpunga wopserera, zina zikukwawa zopanda mapiko. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analumidwa. Azimayi anataya madziwo, natunga ena, ndipo anthu anafola kusamba m'manja. Ida anagwada n'kumafufuza mu mulu wakudawo ndi chala mpaka anapeza kadontho kofiira kaja. Sanalire, poti misozi ya tsikulo inali ndi mwini wake.

Tenti itachotsedwa, anatsegula mng'oma. Njuchi zotsala zinali zambiri ndithu, uchi uli tho. Anatulutsa chisa chimodzichimodzi n'kumachiyang'ana padzuwa, kufunafuna dzira ngakhale limodzi, kapena kathumba kamene mpeni wake unaphonya. Sanapeze kanthu. Mfumukazi inali itasiya kuikira kale pokonzekera ulendo, ndipo ana ake amene akanalowa m'malo mwake, Ida anali atawadula yekha, mosamala, onse. Anaimbira foni mlimi wa ku Chongwe uja, koma mwana wake anayankha kuti bambo anagulitsa ming'oma yonse n'kusamukira kwina. Mng'oma wopanda mayi umalira mosiyana, phokoso lake lokwera ndi losakhazikika, ndipo Ida ankalimva ngakhale ali m'nyumba.

Patapita masiku Maggie anabwera atavala zakuda, kudzabweza mapoto amene anabwereka pa maliro. Anaima kuseri kwa bafa n'kumayang'ana njuchi zikulowa ndi kutuluka, zikututa mungu wodyetsa ana amene kunalibe.

“Nimaganiza pali vija vinachitika,” anatero Maggie motsitsa mawu. “Sinigona bwino. Koma naona zasala zambili. Zizabalana futi, ai?”

Ida anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, yowonda, yodikira kuti wina aichotsere katundu mmodzi yekha. Ankadziwa kuti mvula yoyamba ikamadzagwa, m'bokosimo mudzakhala mutatsala phula ndi nyerere.

“Ee,” anayankha Ida, akulandira mapotowo. “Zizabalana.”