Tsiku Limene Mpopi Unatulutsa Madzi

"Kwezani bwino ndowayo, mukutayira pansi!" anakuwa Atelala ali m'munsi mwa makwerero, manja ali m'chiuno.

Dzuwa linali lisanakwere, koma amayi anali atatopa kale. Ankachokera kuchitsime cha kutsidya kwa msewu, ndowa zili pamutu, n'kumapatsira mlonda wa pachipatala amene anali pamwamba pa nsanja. Iye ankakhuthulira madziwo m'thanki, n'kusuzumiramo, n'kupukusa mutu. Thankiyo inkangomeza osaonetsa kuti yamwa kanthu.

Atelala anali mayi wosoka zovala pamsika, komanso wapampando wa komiti ya chipatala chaching'onocho. Pampu yokweza madzi m'thanki inafa mvula ya chaka chatha isanagwe. Kuyambira pamenepo mipopi ya m'wodi ya amayi inkangotulutsa mpweya, ndipo aliyense wobwera kudzachira ankafunika m'bale womutungira madzi. Nkhaniyi inkawasowetsa mtendere Atelala kuposa wina aliyense, chifukwa mpongozi wawo anali wotopa, masiku atayandikira, mimba yake yoyamba.

Ntchito yodzaza thankiyi inayamba chifukwa cha Adokotala, mkulu wa pachipatalapo. Dzulo lake anafika pamakina a Atelala thukuta lili kamukamu.

"Amayi, mawa kukubwera abwana a ku likulu la zaumoyo kudzayendera. Akapeza mipopi youma anena kuti ndife osasamala. Mukuwadziwa mmene amalankhulira anthu amenewa. Wokalipidwa ndine, mwinanso kusamutsidwa kumene."

"Musadandaule," anayankha Atelala akudula ulusi ndi mano. "Ife sitinayambe tachitapo manyazi pamaso pa alendo. Madzi atuluka."

Ndi mmene tilili anthufe. Mlendo akamabwera timabwereka mipando kwa aneba, mbale zong'aluka timabisa kuseri, n'kumwetulira ngati tinagona titakhuta. Palibe amene anaona cholakwika, kupatula namwino wamkulu, amene onse ankamutchula kuti Sabisa chifukwa cha pakamwa pake. Iye anaima pakhonde la wodi akuonerera ndowa zikukwera.

"Kodi Atelala, inu mukamapita kwa dokotala, chilonda mumachisokera nsalu yokongola kuti asachione?"

"Inu a Sabisa, pakamwa panupo padzakupezetsani mavuto."

"Ine mavuto ndinawapeza kale. Chaka chonse ndikusamba m'manja m'beseni ngati ndikufuna kudya."

Amayi ena anaseka, koma Adokotala sanaseke. Anamuuza Sabisa kuti tsiku limenelo akathandize kusikelo ya ana, kuseri kwenikweni kwa chipatala, kumene alendo safika. Sabisa anangotenga cholembera chake n'kumapita, akung'ung'udza.

Alendo anafika chakumasana, galimoto yoyera kutsogolo, lole yaing'ono yofunditsidwa tenti pambuyo. Abwanawo sanali munthu waukali ayi. Anali bambo wofatsa, wamaso otopa, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Mpando umene anawakonzera sanakhalepo n'komwe. Analunjika kuwodi ya amayi, anthu onse akuwatsatira, nafika pasinki, n'kupotokola mpopi.

Mpopi unatsokomola kamodzi, kenaka madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kuwathovukira pamalaya. Anautseka, anautsegulanso. Anapita kubafa, nakonso madzi anatuluka.

"Zodabwitsa," anatero akupukuta m'manja. "Ku ofesi tinamva kuti kuno madzi kulibe."

"Kavuto kanalipo pang'ono, bwana, koma tikuyesetsa," anatero Adokotala, maso ali pansi.

Abwana anatembenukira kwa Atelala. "Amayi, ndamva kuti inu ndiye woimira anthu. Ndiuzeni inuyo. Madziwa amatuluka chonchi masiku onse?"

Atelala anayang'ana Adokotala. Anayang'ananso amayi amene anathyoka makosi m'mawa wonse, atavala zovala zawo zabwino, akumwetulira pakhomo. Kunena zoona pamenepo kukanakhala kuwavula onsewo pagulu.

"Amatuluka, bwana," anatero.

"Mwachita bwino kwambiri. Kwina anthu amangokhala manja lende kudikira boma. Inu ndinu chitsanzo."

Amayi anaomba m'manja. Atelala nawo anaomba, ndipo kunena zoona mtima wawo unakoma, pakuti kutamandidwa kumakoma ngakhale pa chinthu chabodza. Abwana analowa mu ofesi ndi Adokotala, anthu n'kuyamba kubalalika.

Panja, dalaivala wa lole uja anapempha madzi akumwa. Atelala anakamutungira okha pampopi, monyadira, m'kapu yagalasi. Pobwera anamupeza atakweza tenti mbali imodzi akumangitsa chingwe. Pansi pa tentiyo panali chimakina chatsopano, chobiriwira, chili m'mapulasitiki ake, pambali pake mipaipi, ndipo anyamata awiri ovala maovolosi ankawodzera atatsamira bokosi la zipangizo.

"Achimwene, chimenechi n'chiyani?"

Dalaivala anagugudiza madzi onse kaye. "Pampu yanu imeneyo, mayi. Kapena ndinene kuti inali yanu. Inapezeka imodzi yokha, koma zipatala zolira ndi ziwiri. Abwana anati tiyambire kuno, tikapeza kouma timange lero lomwe. Ndiye poti kuno madzi ndi awa ndamwawa, tikupitirira nayo kuchipatala cha kuseri kwa phiri." Anabweza kapu ija. "Ozizira bwino. Muli ndi mwayi anthu inu."

Atelala anatembenukira ku ofesi kuja. Kapu anaisiya pamwala osadziwa kuti aisiya. Abwana anali atatuluka kale, akutsegula chitseko cha galimoto, ndipo Atelala, mayi amene sanathamangepo chikwatiwire, anathamanga tsiku limenelo.

"Bwana, pepani, imani kaye. Ndakunamizani. Pampu yathu ndi yakufa. Madzi mwaona aja tachita kutunga kuchitsime m'mawa, ndi mitu yathuyi. Mawa lomweli mipopi ikhala itauma."

Abwana anasiya chitseko chija, nawatembenukira. Adokotala, amene anawaperekeza, anamva zonse.

"Amayi, ndinakufunsani pamaso pa anthu," anatero abwana motsitsa mawu. "Ndaimba kale foni kuchipatala chinacho, akutidikira. Kumeneko ndinapitako sabata yatha. Sanandibisire kanthu, ndinapeza ndowa zouma zili ndandanda pakhomo. Kuno ndapeza madzi, mpaka andinyowetsa malaya. Ndiwaimbirenso ndiwauze kuti chiyani?"

"Mpongozi wanga achira masiku omwewa, bwana."

"Kumenekonso kuli apongozi a anthu."

Mawu amenewo anali oona, ndipo n'chifukwa chake anawawa. Koma Atelala, manyazi atawathera, anapeza kuti pansi pa manyaziwo panali mkwiyo umene anausunga chaka chathunthu.

"Chabwino, ife talakwa. Koma talakwa lero lokha. Nanga inu chaka chonsechi munali kuti? Tinadandaula, munamva, mwanena nokha. Zipatala ziwiri, pampu imodzi, ndiye mukufuna tipikisane kuti wovutikitsitsa ndani?"

Abwana sanakalipe. Anangovula magalasi n'kutikita m'maso. "Ina ikapezeka, ndidzakukumbukirani."

"Liti?"

"Sindingakunamizeni, amayi. Sindikudziwa."

Galimoto yoyera inanyamuka, lole pambuyo pake. Tenti ija inkakupiza ndi mphepo, ndipo Atelala anaona kubiriwira kwa pampu kuja mpaka pamene lole inakhota pamsika.

Madzi a m'thanki anatha tsiku lotsatira lisanafike madzulo. Sabisa atabwerera kuwodi yake sananene kanthu, ngakhale liwu limodzi lonyoza, ndipo kukhala chete kwakeko kunawapweteka Atelala kuposa pakamwa pake. Pamsika nkhani inali ponseponse. Ena ankati wolakwa ndi Adokotala, ena ankati ndi komiti, koma amene ankalankhula kwambiri ndi omwe aja anasenza ndowa akuimba.

Sabata isanathe, matenda a mpongozi uja anayamba, dzuwa lili paliwombo. Atelala anasiya diresi la kasitomala lili pamakina, nathamangira naye kuchipatala. Mtsikanayo anawagwira dzanja mwamphamvu pakhomo la wodi.

"Amayi, musandisiye ndekha. Ndikuopa."

"Ndili pompano, mwanawe. Sindichoka."

Sabisa anatulukira atavala kale magolovesi. Anasuzumira mumgolo wa pakona, naupendeketsa, pansi pake n'kungooneka timadzi tosakwana n'kapu yomwe.

"Atelala, madzi. Lero achira kale awiri, mgolo wauma. Fulumirani."

Anayenera kuchotsa dzanja lawo m'dzanja la mwanayo chala chimodzichimodzi. Anatenga ndowa ziwiri, nawoloka msewu. Kuchitsime anapeza mzere, ndipo ngakhale amayi anawapatsa mpata atamva nkhani yake, chingwe chinali chachitali, madzi ali pansi penipeni. Pobwerera, ina pamutu ina m'manja, anamva kulira kwa khanda asanafike n'pakhonde pomwe.

M'wodimo mpongozi wawo anali gone, nkhope itatembenukira kukhoma, misozi itauma m'masaya. Mwana anali pachifuwa pake, wamoyo, akulira mwamphamvu. Sabisa anaima pasinki, pansi pa mpopi wouma uja, mikono ili m'mwamba, magazi atafika m'zigongono, akudikira.

"Ndi wamkazi," anatero. "Mayi wake anakuitanani mpaka mawu anasasa. Thirani."

Atelala anathira madzi pang'onopang'ono pamikono ya namwinoyo. Chimwemwe chinalipo, koma chinasakanikirana ndi chisoni chimene sakanatha kuuza munthu. Anamulonjeza mwana wa eni kuti sachoka, ndipo anachoka.

Akutuluka kuti akatungenso madzi ena ochapira nsalu, anakumana ndi Adokotala pakhonde. Anawayamikira chifukwa cha mdzukulu, kenaka anakanda m'mutu.

"Amayi, kwabweranso uthenga. Mwezi wamawa kukubwera makhansala kudzaona chipatala. Ndimati mwina tikumane, tione mmene tingakonzere pamalo pano."

Atelala anatula ndowa zopanda kanthu zija pakati penipeni pa khomo, pamene aliyense wolowa akanapunthwa nazo.

"Palibe chokonza, Adokotala. Thanki ikhale momwe ililimo, ndipo a Sabisa tsiku limenelo asapite kusikelo. Alendowo akadzafuna kusamba m'manja, mudzawapatse ndowa izi, ine ndidzawalozera njira ya kuchitsime."