Makhadi Atatu a Aphunzitsi Kpodo

"Mayina ndi awiri," anatero Selikem akugogoda tebulo ndi cholembera. "Langa ndi la Dzifa. Wosindikiza atseka folo koloko, ndipo sindilola chipepala cha maliro a bambo anga chikhale ngati kaundula wa mumsika."

Panali patapita masiku asanu ndi limodzi Aphunzitsi Kpodo atamwalira. Thupi linali kudikira mwezi wamawa m'chipinda chozizira kuchipatala, koma chipepala cholengeza maliro, chija amamata pamitengo ndi pamakoma, chinayenera kutuluka sabata lomwelo. Kuno ku Hohoe, amene dzina lake palibe pamndandanda wa ana pachipepalacho si mwana, ngakhale alire mpaka kukomoka.

Pakhomo panaima mayi wina wovala zakuda, thumba ali nalo pachifuwa. Anati dzina lake ndi Esinam, amasoka zovala ku Kpando, ndipo malemuwo anali bambo ake. Makutu ake anali otambalala ngati zogwirira za poto. Dzifa, mlongo wake wa Selikem, anawazindikira makutuwo kuti ndi a bambo ake enieni, n'kuyang'ana kumbali.

"Pepani chemwali," anatero Selikem. "Maliro aliwonse amabala ana. Umboni uli kuti?"

"Achimwene, tayang'anani makutuwo," Dzifa ananong'oneza.

"Makutu ngakhale mleme uli nawo."

Esinam anatulutsa emvulopu m'thumba, nasolola khadi loonekera ngati galasi, ataligwira m'mphepete kuti lisade ndi zala.

Dzifa analidziwa. Sukulu ya aphunzitsi itasiya makina oonetsa maphunziro pakhoma, bambo ake anatuta makatoni a mapepala apulasitiki oonekera aja n'kubwera nawo kunyumba. Ankawapinda ndi lula ndi msana wa mpeni, n'kujambulapo ndi inki yosafufutika. Disembala aliyense khadi limafika papositi: lopanda duwa, lopanda mawu, timizere tokhatokha, madontho ndi tizidutswa tokhota, ngati mopalasa nkhuku. Selikem ku Tema ankati mdala wayamba kukalamba. Dzifa, yemwe anaphunzira masamu kuyunivesite ndipo sadutsa funso lozunguza mutu m'nyuzipepala osalimasula, analiyang'ana kamodzi n'kulisandutsa chosungira tsamba m'buku.

"Izi aliyense angajambule," anatero Selikem.

"Anu ali kuti?"

Anali amayi awo. Chiyambire m'mawa anali pamkeka pakona, mwendo utatambasulidwa monga amakhalira amasiye.

"Ndinakuuzani pafoni mubwere ndi makhadi a chaka chatha. Ali kuti?"

"Ndimayesa ndi oika m'bokosi la maliro, Amayi," anatero Selikem.

"Ndati ali kuti?"

Selikem anakafukula lake m'chikwama, litakanda pang'ono. Dzifa anachotsa lake m'buku. Atawagoneka patebulo pambali pa la Esinam, anaona chimene sakanachiona ndi khadi limodzi: onse atatu anali odulidwa kona imodzimodzi, kumanzere pansi. Anasanjika lake pa la Selikem, makona odulidwawo pamodzi, nawakweza kuwindo.

Timizere tija tinagwirana. Panaoneka denga, nsanamira, theka la mtengo wa mango, ndipo pansi pake zilembo zoduka miyendo zosawerengeka.

"Tandibwereke lakolo," anatero, osatembenuka.

Esinam anabwera yekha n'kuliika pamwamba. Zala zawo zinakhudzana.

Linali khonde la nyumba yomwe anali aliyo, ndi mipando isanu. Pansi pake panali dzanja la bambo awo, lija lopendekera la pabolodi. Dzifa anawerenga mokweza: "Bwerani nonse pa Khirisimasi. Mbuzi ilipo."

Anaseka, kuseka koipa kotuluka ndi misozi. "Kalata yoitana anthu, koma kuti muiwerenge mpaka mutabwera kale nonse. Ababa inu!"

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero amayi. "Mbuzi zisanu ndi zinayi. Timadya ndi anansi."

Dzifa anakumbukira ma Disembala akewo: mayeso, ntchito, chibwenzi cha ku Accra chomwe sichinafike ngakhale Pasaka. Chaka chilichonse ankaimba foni, bambo ake n'kufunsa, "Khadi lafika?" Iye nati, "Lafika, ndi lokongola." Iwo nati, "Chabwino."

Selikem anakhala pansi. "Bwanji osangonena? Munthu wamkulu, mphunzitsi wa aphunzitsi, kulephera kutsegula pakamwa?"

"Bambo ako m'kalasi anali mkango, kunyumba kuno anali wamantha. Za mwanayu anandiuza atatembenukira kukhoma. Ndinakwiya zaka zambiri, mkwiyo unatopa wokha. Ankati mukadzasanjika makhadiwo mudzafunsa nokha kuti lachitatu lili ndi ndani, iye n'kupeza poyambira."

"Ndiye inu mumadziwa?"

"Manja ake atayamba kunjenjemera, mapepalawo ndimadula ndine. Atatuatatu. Ukuganiza kuti foni ya ku Kpando waimba ndani?"

Apa Esinam analankhula. "Ine sindikufuna nyumba, achimwene, kapena munda. Ndikufuna anthu akamadutsa pamtengo aziwerenga kuti nanenso ndinali ndi bambo."

Selikem anayang'ana wotchi, kenako pepala lomwe amalembapo mndandanda wa ana. Mayina awiriwo anawalemba mothithikana kwambiri.

"Unabadwa chaka chanji?"

Atamva, anasisita pamphumi. "Ndiye ndiwe wapakati. Dzifa, wakankhidwa."

"Ndine chitsiriza basi, sindinataye kanthu."

Anatembenuza pepalalo n'kuyamba kulemba mwatsopano, pang'onopang'ono, akufunsa chilembo chilichonse.

Amayi anakonza nsalu paphewa. "Mukamaliza, wina akaipatse madzi mbuzi ili kuseriko. Bambo anu anaigula asanakagone m'chipatala, akuti chaka chino inenepe bwino."

Onse atatu anaimirira.