Thelma Apumeko Mawa

Edinah atamaliza kupepesa maliro sananyamuke. Anakhalabe chogwada m'mphepete mwa matiresi, dzanja lili m'chikwama, ndipo Prisca anadziwiratu kuti muli pepala. Masiku asanu akulira anali atamuphunzitsa kuyang'ana manja a anthu osati nkhope zawo.

Mipando anaitulutsira pakhonde kuti olira azikhala pansi ngati kumudzi, ngakhale nyumbayo inali m'mwamba, pansanjika yachisanu ndi chinayi ku Sports City, mumzinda wa Dubai. Mwamuna wake Jailosi, wokonza makina oziziritsa m'nyumba, anagwa ali pantchito Lachitatu. Thupi linali likadali ku mochale kudikira zikalata zokwerera ndege. Mpaka tsiku limenelo namfedwa asaponde kunja. Analamula motero a Kingston, akulu ake a malemu, ndipo abale ku Dedza anavomereza pafoni.

"Amake Thelma, ine andituma chabe," anatero Edinah. Anali wa ku Chipata, wothandizira aphunzitsi m'kalasi mwa mwana wa Prisca. "Ahedi akuti mwana apumeko, mawa asabwere. Manje musaine apa, khalas, nkhani ithe."

"Mawa si mayeso aja?"

Edinah anayang'ana kuchitseko.

Mayesowo Prisca ankawadziwa. Sanali a aphunzitsi, ankachokera kunja, ndipo oyendera masukulu ankaona zotsatira zake popereka mlingo wa sukulu yonse. Mwana mmodzi wosamaliza pepala ankatsitsa anzake onse. Thelma, wa zaka zisanu ndi zitatu, anabadwa ndi dzanja lamanja lopinda ndi mwendo wokoka. Mutu unali wakuthwa, koma kudetsa timabwalo ta mayankho kunkamutengera nthawi. M'dziko muno ana otere amawatchula dzina lokoma, ana olimba mtima, ndipo dzinalo linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pageti pa sukulu. Koma likafika tsiku la mayeso, kulimba mtimako ankafuna akakuchitire kunyumba.

Chaka chatha fomu yomweyi inabwera ikunena za chimfine, Jailosi n'kuibweza osasaina. Ulendo uno pamzere wa chifukwa anali atalembapo kale: imfa ya bambo.

"Akapanda kulemba zikhala bwanji?" anafunsa Prisca.

Edinah anatsitsa mawu. "Temu yamawa amupereka ku karumu kakumapeto kaja. Amakamba ati palibe umboni kuti akwanitsa kalasi. Koma simunamvere kwa ine."

Kachipindako Prisca anakasuzumirapo kamodzi. Munali zidole, mapilo, ndi ana atatu akuonera katuni nthawi ya masamu.

A Kingston, omwe anali paimirire pazenera ndi foni, anatembenuka. "Alamu, sainani. M'bale wanga sanaikidwe, mwana wake azikavala yunifolomu? Kumudzi akamva ati chiyani? Ati ku Dubai maliro amalira ndi chikwama cha mabuku kumsana?"

"Bambo ake ankafuna alembe, alamu."

"Bambo ake ali mufiriji. Watsala ndi ine."

Amayi awiri a kutchalitchi omwe ankaimba chapansipansi pakona anasiya nyimbo pakati. Edinah anaika cholembera pabondo pa Prisca. Prisca anachiyang'ana. Kupita yekha kukagogoda kwa ahedi sakanatha, pakhomo anali atamutsekera. Kutsutsa alamu ake pamaso pa anthu, maliro ali m'nyumba, nkhani yake ikanafika ku Dedza thupi lisanafike.

Anagwedeza bondo pang'ono, cholembera chija n'kugwera pamatiresi.

"Edinah, ukawauze ahedi kuti kwathu namfedwa sagwira cholembera mpaka atameta."

"Mwambo umenewo ngwakuti?" anafunsa a Kingston.

"Ngwakwathu ku Ntcheu," anayankha Prisca maso ali pansi. Mmodzi wa amayi aja anatsokomola, n'kubisa pakamwa ndi chitenje.

"Ndiye ndisaina ndine. Bweretsani kuno."

Asanalandire pepalalo, chitseko chakuchipinda chinatseguka. Thelma anatuluka akukoka chikwama cha zipangizo cha bambo ake, masipanala akulira m'kati. Anachifikitsa pakati pa anthu n'kukhala pansi.

"Amami, mapensulo anga ali muno."

Anapisa dzanja lamanzere m'kathumba kam'mbali n'kuyamba kuwandandalika pansi. Pensulo iliyonse inali yokulungidwa ndi tepi wakuda wa magetsi mpaka kunenepa ngati chinangwa, ndipo mbali imodzi inali ndi kadzenje kolowa chala chachikulu. Anayi anali otha. Yachisanu inali yokulungidwa theka, mpukutu wa tepi ukulendewera.

"Adadi anati ndipite ndi asanu. Ina ikathyoka ndisadzuke kukasongola, nthawi ingandithere. Iyi sanamalize."

A Kingston anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anatola pensulo imodzi n'kuitembenuza.

"Ankapanga nthawi yanji zimenezi?"

"Pa lanchi, kuntchito. Amayesa padzanja lawo kaye. Amalipinda chonchi." Thelma anakweza dzanja lake lamanja, lomwe silinkafunika kupinda. "Anzawo amawaseka, amati dzanja lachita chiyani."

Foni ya a Kingston inalira pansi pomwe anaisiya, dzina la malume a ku Dedza likuwala, mpaka inaleka yokha. Edinah anapinda fomu ija kawiri n'kuibwezera m'chikwama mosachita phokoso.

"Basi ya sukulu imafika nthawi yanji?" anafunsa a Kingston osadzutsa mutu.

"Hafu sikisi," anatero Prisca.

"Inu alamu musatuluke. Ndikamukweza ndine."

Prisca anangogwedeza mutu. Sakaona mwana wake akukwera basi, ndipo sankadziwa ngati timabwalo tonse tija akatimaliza.

A Kingston anatenga pensulo yachisanu ija. Anakulunga tepi kawiri, katatu, n'kuima. Kenako anapinda dzanja lawo lamanja, zala zikuloza kumkono, n'kuyesa kuigwira. Inagwa. Anaitola, n'kuwonjezera tepi.