Khoma la Amuna Anga

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuperekeza alendo pa linga lakale la m'tauni mwathu. Tilipo khumi ndi awiri ongodzipereka, ambiri ndife nkhalamba. Timavala majekete obiriwira, kambendera m'manja, n'kumakwera masitepe amiyala mawondo akulira. Aliyense ali ndi pake poonetsera luso. Fusae, mnzanga wa kuyambira ku pulayimale, amakonda chipata chachikulu, ndipo asilikali amene amati anafera pamenepo amachulukirachulukira chaka ndi chaka. Ine panga panali pa khoma lakumpoto.

Khomalo linagwa ndi chivomezi zaka makumi anayi zapitazo, ndipo amene anatsogolera ntchito yolimanganso anali amuna anga, malemu a Tokuji Kurihara. Ndikafika napo alendo ndinkawauza kuti apise dzanja m'mipata ya miyala.

"Mwakhudza chiyani? Palibe. Muno mulibe simenti ngakhale supuni imodzi. Mwala ukugwira mwala unzake, kuseri kuli timiyala ta kumtsinje toti madzi azidutsa, mmene ankamangira makolo zaka mazana anayi zapitazo. Anamanga ndi amuna anga."

Apa ndinkakhala kaye chete kuti ajambule. Sindibisa, ndinkanyada mpaka khosi kuuma. Zopisa dzanjazo anandiphunzitsa ndi a Tokuji eni ake, tsiku limene anandionetsa khomalo atalimaliza.

Chaka chino mvula ya mu Juni, mwezi wa dzinja kwathu kuno, inagwa ngati yotumidwa, ndipo khoma linatulutsa mimba. A khonsolo anaitana amisiri kuti aliphwasule n'kulimanganso. Mwala uliwonse ankaulemba nambala asanauchotse, kuti udzabwerere pamalo pake penipeni. Kapitawo wawo anali a Naganuma, amene anaphunzira ntchito kwa amuna anga, pano nawonso mutu wayera. Ine masana aliwonse ndinkawatengera tiyi wozizira.

Sabata yachitatu ndinapeza atakuta malo onse ndi lona wabuluu. A Naganuma anandichingamira patali, akuwerama mopitirira muyezo.

"Mayi Kurihara, lero musavutike. Kukuterera uko."

"Ndayenda pano inu musanamere ndevu. Tapatukani."

Ndinakweza lona uja. Miyala yapamwamba inali itachotsedwa, ndipo kuseri kwake kunali chikhoma cha konkire chotuwa, zitsulo zadzimbiri zili tulutulu. Miyala ija anangoimata kutsogolo, ngati mmene timamatira matailosi kubafa.

"Ichi n'chiyani, a Naganuma?"

"Ndi konkire, mayi."

"Maso ndili nawo. Anathira ndani?"

Anavula chisoti n'kuyamba kuchitembenuza m'manja. "Tinathira ife. Woyeza anali bwana, amuna anu. A khonsolo ankafuna khoma liime chikondwerero cha linga chisanafike. Ntchito ya zaka ziwiri anatipatsa miyezi isanu ndi umodzi."

"Nanga mipata ija?"

"Bwana anati tiisiye yakuya kuposa mkono wa munthu, kuti wopisa dzanja asakhudze kanthu."

Ndinawapatsa botolo la tiyi, chifukwa manja anga sankadziwa china chochita. Ndinatsika phiri la lingalo osaona njira.

Fusae amagulitsa makeke a nyemba pafupi ndi mlatho wolowera ku linga. Ndinamupeza akukulunga makeke, ndipo ndinamukhuthulira zonse ndili chiimire. Ndinkadikira kuti agwetse chinachake. Iye anamaliza kumanga kachingwe ka phukusi bwinobwino.

"Takhala pansi, Hisano. Ukutsekereza ogula."

"Wandimva koma?"

"Ndakumva. Magalimoto a simenti ankadutsa pakhomo pano masabata atatu. Iwe unali kwanu kuja ukudwazika mayi ako."

"Ndiye umadziwa."

"Ndani sankadziwa? Fumbi lake linkalowa mpaka m'miphika."

Ndinayamba kuwerenga m'mutu anthu amene ankadziwa. Wometa tsitsi. Wansembe wa kukachisi amene anawerenga mapemphero pamaliro a amuna anga. Anzanga khumi ndi mmodzi a majekete obiriwira, amene ankati alendo akafunsa za miyala, ankawalozera kwa ine akumwetulira. Ndinkayesa ulemu.

"Zaka zonsezi, Fusae. Umaima kumbuyo kwanga ine ndikunamiza anthu."

"Iwe sunkanama, unkakhulupirira. Ndiye zinkamveka bwino. Ife tikanena zinkamveka ngati tikuwerenga kapepala." Anandikankhira keke imodzi. "Komanso utangoferedwa unali ngati chinsanza. Khoma lija ndi limene linakudzutsa pamphasa. Ndikanakuuza liti? Tandiuza tsiku lake."

Tsiku lake ndinalisowa, ndipo zimenezo zinangowonjezera mkwiyo wanga.

"Dzulo tinakumana," anatero.

"Munakumana ndani?"

"Tonse. Kupatula iwe, mwachidziwikire. Tagwirizana kuti lona akhale pomwepo mpaka ntchito ithe. Ulendo uno amanga mwachikale zenizeni. Pakatha zaka ziwiri, zonse zimene umanena zidzakhala zoona. Iwe ungopitiriza basi. Walakwira ndani?"

Mkazi ameneyu ndinagawana naye chofufutira m'kalasi. Anandigwira mkono kumanda. Ndipo anali atakhala pansi ndi anthu khumi kukambirana mmene ndingapitirizire kukhala chitsiru chawo. Zinandiwawa kuposa konkire uja. Keke yake ndinaisiya pomwepo.

Loweruka linali tsiku langa loperekeza, ndipo ndinapita, poti dzina langa linali pandandanda. Basi inatsitsa anthu makumi awiri. Ndinawaonetsa ngalande yozungulira linga, nsomba zake zonenepa ngati ana a nkhumba, timabowo toponyera mivi, masitepe amene anawapanga osalingana dala kuti adani azipunthwa. Ndinali nditakonza zoti pa khoma lakumpoto tingodutsa. Fusae ankabwera pambuyo ndi gulu lake.

Tikufika pa lona paja, mayi wina wa chipewa choyera anandigwira jekete. Anali ndi mwana wake wamkazi, mtsikana wamkulu ndithu.

"Agogo, simungandikumbuke. Ndinabwera zaka khumi zapitazo. Nkhani ya amuna anu ndakhala ndikumuuza uyu kuyambira ali wamng'ono, moti pano akuphunzira zomangamanga ku yunivesite. Tayenda maola asanu kuti adzaimve kwa inu eni ake."

Mtsikanayo anandiweramira, kabuku ndi cholembera zili m'manja. Gulu lonse linasendera pafupi. Kumbuyo kwawo ndinaona Fusae akundigwedezera mutu pang'onopang'ono, ngati mmene amachitira mayi polimbikitsa mwana kumwa mankhwala.

Mawu akale aja anali okonzeka, akanatuluka okha.

"Kuseri kwa lona uyu kuli konkire," ndinatero. "Anathira ndi amuna anga, n'kumata miyala pamwamba. Zimene ndinakuuzani zija zinali zabodza. Ndadziwa Lachitatu lapitali."

Panalibe amene anajambula. Mtsikana uja anatseka kabuku kake. Mayi ake anafiira nkhope, anawerama n'kunena kuti, "Pepani, takuvutitsani." Iwo kupepesa ine. Anamugwira mwana wawo pamkono nabwerera kubasi, osadikira kukwera nsanja ya lingalo.

Ulendowo ndinaumaliza, chifukwa enawo sanalakwe kanthu. Kenako ndinapinda jekete lija n'kulisiya patebulo la mu ofesi yathu, kambendera pamwamba. Fusae ananditsatira mpaka pamlatho akuitana dzina langa. Sindinacheuke.

Kunyumba ndinaphika mpunga. Chimwalirireni a Tokuji, mpunga ukapsa, woyamba ndimaika m'kambale kawo, n'kukaupereka pa kakabati ka mapemphero pamene pali chithunzi chawo. Ndimaliza kabelu, n'kuwauza kuti lero khoma lanu laonedwa ndi anthu angati. Tsiku limenelo ndinagwada pomwepo, kambale kali m'manja. Pachithunzipo anali akumwetulira monga mwa masiku onse.

"Munandigwira dzanja nokha n'kulilowetsa mumpata muja," ndinawauza. "Munkandiyang'ana kumaso."

Ndinatseka zitseko za kakabati kaja, ndipo mpungawo ndinaubwezera mumphika.