Kanyali Kofiira ka Pikapu ya a Anselmo

Pikapu itangoyamba kukwera chitunda cha ku Chongoni, kanyali kofiira ka oyilo kanayakanso, ndipo a Anselmo anakatukwana ngati kamamva. Aka kanali kachitatu pa mwezi umodzi.

Galimotoyo sinali yamasewera ayi. Zaka khumi bamboyu anazithera m'migodi ya ku Joni, nabwerako ndi zinthu ziwiri basi: pikapu yakaleyo ndi chifuwa chosamva mankhwala. Khasu anali atalilephera kalekale. Banja lonse linkadya chifukwa chonyamulira anthu mbatata ya kachewere kuchokera ku Kaphuka kupita kumsika wa Linthipe.

Kanyaliko katayaka koyamba, a Bakali, makaniko wa pa Linthipe, anapeza waya atadyedwa ndi makoswe. Anaseka, nati galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe imatero. Anakulunga tepi pawayapo, kanyali thimu! Basitu, kuyambira tsikulo vuto lililonse kwa a Anselmo linali la makoswe. Akazi awo, a Magadalena, mpaka anakabwereka mphaka kwa alamu awo.

Ulendo wachiwiri a Bakali sanaseke. Anagunditsa sipanala pa injini, khutu lili kumapeto kwake, namvetsera nthawi yaitali.

"Waya ali bwino, achimwene. Ndikukayikira pampu ya oyilo. Isiyeni masiku atatu ndiitsegule."

Masiku atatu, nyengo yokumba mbatata? A Anselmo anati oyilo anayeza okha m'mawa, ngodzaza, ndipo amakaniko akaona galimoto amaona mbuzi yonenepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero, nalizanso galimoto.

Ndiye tsiku limeneli kanyali katayakanso, anatenga khadi la chipani, limene ankaika pafupi kuti azionetsa msanga polowa mumsika, nabisa nalo kanyaliko. A Magadalena, amene anakhala pambali pawo, anawapempha kuti angoima kaye. Iwo anati makoswe sangaimitse matumba makumi awiri a eni ake.

Sanapite patali. Injini inayamba kugogoda ngati wina akusinja mkatimo, fungo la chitsulo chopsa linadzaza, kenaka zii. Galimoto inabwerera m'mbuyo pang'ono nkuima.

A Bakali anafika panjinga masana atalandira uthenga. Anayesa kupukusa injini ndi sipanala yaikulu, koma inali gwa. Anatsatira waya uja ndi chala kuyambira kuinjini mpaka kukanyali. Unali wamphumphu, tepi ili pomwe anaikulunga.

"Yapsa mkati monse, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Iyi sidzukanso."

A Anselmo anakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Mtima unawawawa koopsa, chifukwa panalibe woti amuloze chala. Zaka khumi za pansi pa nthaka anazipsereza ndi dzanja lawo lomwe, pachitunda chimodzi. Anthu opita kunkhuni anali ataima chapatali, akuonerera.

"A Bakali," anatero a Anselmo, "tayang'ananinso wayayo. Mwina pena simunaonepo bwino."

Makanikoyo anayang'ana a Magadalena, ndipo mayiyo anagwedeza mutu pang'ono movomereza, misozi ili mbwembwembwe. A Bakali anauza oonerera aja kuti azipita, nayalanso chiguduli chawo pansi. Analowa kunsi kwa galimoto, ndipo anakhalako nthawi yaitali osagwira chilichonse, mpaka atamva kuti mnzawo wasiya kusisima.