Akazi Anga Aang'ono

1.
Loweruka Siliya apita ku Blantyre kukathandiza achemwali awo a Joyisi, amene achira mwana wachiwiri. Chikwama alongedza kale. Pa mwana woyamba, amene anapita kukachapa matewera anali Edesi, mkulu wake wa Siliya.

2.
Akazi anga aang'ono, mwadzuka bwanji? Umu ndi momwe alamu ake, amuna a Joyisi, ankamupatsira moni Edesi. Aliyense ankaseka. Ndi chilamu. Edesi naye ankaseka, nanga akanatani poti ankadya za m'nyumba mwawo?

3.
Masana. Achemwali ali kusikelo ndi mwana. Alamu akweza wailesi.
Chitseko.
Anamugwiririra.

4.
Atabwerera kumudzi anayamba wauza azakhali, akusenda chinangwa, ndipo mpeni sunaime, anangoti iwe mwana usatibweretsere chipongwe pakhomo pano, munthu uja ndi amene anafolera nyumba ya amayi ako ndi malata, ukufuna banja la mkulu wako lithe chifukwa cha pakamwa pako, ndiye anthu akamva adzakukwatira ndani, si iwe tinkakuona ukuseka akamakutchula akazi awo, ndi chilamu chimenecho, mkazi wanzeru amadziwa pothawira, tenga mbale iyo undipatse

5.
Zomwe anafunsa mnzake wa kukwaya:
unavala chiyani
unakuwa
bwanji sunathawe tsiku lomwelo
bwanji ukunena lero
koma paja unkaseka, eti?

6.
Kwa amayi anangofika pakati. Alamu aja, amayi. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamufunsa ngati mbuzi zamwa madzi.
Zinali zitamwa.

7.
Kuyambira apo, chete. Amasesa, amatunga, amagona. Sakwiya, salira. Chakudya chimangodutsa pakhosi ngati gaga. Anthu akuti Edesi wakhwima, tauni inamuphunzitsa ulemu. Anthu nawonso, kuyamikira chilonda kuti chauma bwino.

8.
Achemwali okha ndi amene sanawauze. Amachita manyazi ngati kuti iye ndi amene anaba.

9.
Siliya, usapite, anatero Edesi.
Chifukwa?
Basi.
Nsanje, anatero Siliya. Munadya tchipisi nokha, ife ayi?

10.
Loweruka. Galimoto yaima pansi pa mbawa. Alamu atsika, atambasula manja.
Akazi anga atsopano ali kuti?
Azakhali aseka. Amayi aseka. Siliya aseka, chala pakamwa. Ndi chilamu.
Edesi atsegula pakamwa. Koma chikwama chalowa kale kumbuyo kwa galimoto.

11.
A Joyisi, amene anatsalira m'galimoto, sanaseke.
Anatsika ndi khanda kumsana, pang'onopang'ono poti chilonda cha opaleshoni chinali chisanapole, nazungulira galimoto. Anatulutsa chikwama cha Siliya n'kuchiika pa dothi.
Siliya atsala.
Nanga akuthandiza ndani, mwanawe? anafunsa amayi.
Ndichapa ndekha.
Alamu anayesa kuseka, koma palibe anawalandira. A Joyisi sanayang'ane amuna awo, sanayang'anenso Edesi. Anangowerama ngati akukonza nsalu ya mwana, nalankhula motsitsa, moti anamva ndi Edesi yekha.
Tsiku lija kusikelo kunalibe anthu. Ndinabwerako msanga.