Phewa la Woimba Ng'oma

Ku Ballycarn munthu sapita kumanda pa galimoto. Amanyamulidwa paphewa kuchokera kutchalitchi mpaka kumtunda kumene kuli manda, amuna akusinthana. Mwini maliro akakugwira chigongono kuti ulowe pansi pa bokosi, tauni yonse imadziwa kuti ndiwe m'bale. Akakudutsa, imadziwanso.

Malachy Durkan ankayenda kumbuyo kwenikweni, mvula yowaza ikumulowa m'khosi. M'bokosimo munali Cathal Gilsenan, woimba wa gulu la Na Préacháin, kutanthauza akhwangwala. Malachy ndiye anali woimba ng'oma wake, asanakangane.

Anayambira m'khola la bambo ake a Malachy, ndi magitala obwereka, ng'ombe zikudandaula kuseri. Kenako analowa m'maholo a parishi, kumene wansembe ankaima pakhomo akuyang'ana wotchi. Nyengo ya Lenti ikafika maholo onse ankatsekedwa, ndiye anyamatawo ankakwera sitima yapamadzi kupita ku England kukaimbira anzawo okumba misewu, amene ankavina ndi nsapato zamatope, misozi ili chuchuchu. Dzina linaphulikira kumeneko. Pambuyo pake kunabwera America, mabwalo a mpira odzaza, mpaka ana a ku Japan kumaimba mayina a mitsinje ya kwawo kwa anyamatawo ku Mayo osadziwa n'komwe kuti ili kuti. Anyamata anayi ochokera kotopetsa kopanda ngakhale sinema. Malachy ankanyadira zimenezi mpaka pansi pa mtima, ngakhale anachoka m'gululo atamenyetsa chitseko, pa nkhani ya nyimbo imene aliyense ankati ndi yake. Kuchokera tsiku limenelo iye ndi Cathal sanalankhulanenso. N'zopusa, koma amuna a kuno akakwiya amakwiya mpaka imvi.

Amene ankasankha onyamula anali Eithne, mlongo wake wa Cathal. Anagwira asuweni, anagwira oyandikana nawo nyumba, anagwira Fintan woimba gitala. Koma Eithne sanamuyang'ane n'komwe Malachy, ndipo Malachyyo zinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera. Pa chitunda Eithne anagwira amuna a kampani ya nyimbo ochokera ku London, ovala makhoti odula, anthu amene anali asananyamulepo kanthu kolemera kuposa foni. Aliyense ankaponda mwakemwake, bokosi n'kuyamba kupendekeka.

"Cathal akuvinitsidwa komaliza," anatero nkhalamba ina, anthu n'kubisa kuseka m'mipango.

Eithne anatembenuka, n'kudutsa pakati pa khamu lonselo mpaka kumbuyo.

"Iwe Malachy, wabisala kuseri kwa amayi kuno ukufuna chiyani?"

"Sindinaitanidwe, Eithne."

"Kuitanidwa? Ndi ukwati uno? Tawaona anthu awo, andigwetsera mchimwene wanga m'ngalande."

"Iye mwini sakanafuna."

"Iye mwini wagona, zonena zamuthera. Ndiponso ukumudziwa bwino. Moyo wake wonse sankatha kuyenda ndi nyimbo payekha."

"Ankathamanga, kusiya ng'oma m'mbuyo," anatero Malachy.

"Ankathamanga zedi. Chichokere iwe, palibe amene anamugwira."

Anamugwira chigongono mwamphamvu, n'kumukokera kutsogolo tauni yonse ikuona. Mmodzi wa a ku London anachoka mosangalala, akusisita phewa. Malachy analowa kumanzere, kumutu kwa bokosi, ndipo mkono wa Fintan unadutsa pansi pa thabwa n'kumugwira paphewa monga mwa mwambo.

"Wakalambatu iwe," anatero Fintan.

"Iwenso sunakongole."

Malachy anamenya chidendene pa tala, n'kumenyanso, mpaka onyamulawo anamva. Phazi lamanzere linatsika pamodzi. Bokosi linakhazikika. Posakhalitsa khamu lonse kumbuyo kwake linkaponda chimodzimodzi, alimi, masisitere, achinyamata obwera pa basi kuchokera ku Dublin atavala malaya a gululo, msewu wonse ukugunda pansi pa mapazi awo. Malachy anaimbapo pamaso pa anthu osawerengeka, koma sananyadirepo chonchi.

Anatsamiritsa tsaya pa thabwa lonyowalo.

"Pang'onopang'ono, Cathal," ananong'oneza. "Lero utsatira ine."